Nyimbo Imene Inadukira Pakati

Situdiyo inali pamwamba pa shopu yosoka makatani, ndipo masitepe ake achitsulo ankalira munthu akapondapo. Mzamba anakwera atangoweruka ku chipatala, yunifolomu ikadali m'thupi, kope lili m'khwapa.

Makoma a chipindacho anamatidwa ndi mateleyi a mazira. Pa tebulo panali kompyuta, maikolofoni awiri ndi kapu ya tiyi wozizira. Mwini wake anali mnyamata wamtali amene msewu wonse unkangomutcha Makutu, chifukwa mahedifoni sankachoka m'khosi mwake ngakhale akupita kogula buledi.

"Mwasochera, anesi," anatero akumwetulira. "Kuno amadwala ndi oimba okha, ndipo matenda awo alibe mankhwala."

"Sindinasochere, achimwene. Ndikufuna kujambula podikasiti. Pulogalamu ya mawu okhaokha, anthu azimvera pa foni."

"Nkhani yake?"

"Kuchotsa mimba, ndi ufulu wa amayi pa uchembere wawo."

Makutu anaimba kamluzu. "Ndiye mwanyamula moto m'manja! Mukufuna kukopa ndani? Aboma? Azibusa?"

"Amayi anga," anayankha Mzamba. "Akamva iwo, ena onse adzamva."

Mnyamatayo anamukhazika pa mpando, namusendezera maikolofoni pafupi ndi pakamwa.

"Nenani chilichonse, ndiyese mawu."

 Mzamba anangotchula zimene ankanena m'mawa uliwonse asanalowe m'wodi.

"Ambuye, manja awa ndi anu. Asachedwe lero."

Makutu anauma pa mpando. Dzanja lake linaima pa batani, maso ali pa tebulo. Kenako anavula mahedifoni pang'onopang'ono ngati amuotcha.

"Ndalakwitsa?" anafunsa Mzamba.

"Ayi. Ndi mawu anuwo. Sindinkayembekezera kumva mawu otere m'chipinda chino."

Mtima wa mtsikana ndi mtima basi! Mzamba anatsika masitepe aja akumwetulira yekha. Akanadziwa bwanji chimene makutu aja anamva?

Anayamba kukumana Lachiwiri ndi Lachisanu masana. Anadula makadi asanu ndi limodzi, khadi lililonse gawo lake, nawamata pa khoma. Gawo la atsikana a sukulu. Gawo la amayi apabanja amene saloledwa kulera. Gawo la ogwiriridwa. Gawo la malamulo. Gawo la abambo. Khadi loyamba lokha linali lopanda kanthu.

"Ukayamba ndi kukalipa azimitsa foni," Makutu ankamulangiza. "Munthu sakopeka ndi chala chomuloza, dokotala wanga. Muuze nkhani ya munthu mmodzi, ndipo umusiyire mpata wopuma."

"Nanga akanena kuti ndasiya Mulungu?"

"Uwayankha bwanji?"

Mzamba anatsegula kope lake. "Ndiwauza kuti tsiku lina anthu anakokera mayi pamaso pa Ambuye, miyala ili m'manja, ndipo mayiyo anabwerera kwawo wamoyo. Ine sindikuuza munthu kuti achotse kapena asachotse. Ndikuti mtsikana akhale ndi khomo loti agogode, amve zoona za thupi lake, asankhe ali ndi dokotala pambali, osati m'kachipinda kamdima kuseri kwa msika. Wakufa salapa, sabwerera ku sukulu, saleranso ana. Tiyambe tamusunga wamoyo."

"Zimenezo usasinthe ngakhale liwu limodzi," anatero Makutu.

Ntchito yake ankaigwira mwaulemu ngati wothandizira pa guwa. Anali ndi malamulo awiri amene sankawaphwanya. Loyamba, sankafufuta chilichonse chimene anajambulapo. Lachiwiri, sankadula munthu pakati pa liwu.

"Liwu lizitha, kenako mpweya umene umabwera pambuyo pake uzimvekanso," ankatero. "Kudula munthu pakati pa liwu kuli ngati kumutseka pakamwa ndi dzanja. Khutu langa silimalola."

Mauthenga anayamba ngati a ntchito, koma sanakhalitse choncho.

"Wadzuka bwanji, mayi wa mawu okoma? Ndamvera gawo lachitatu kanayi, koma zimene ukunena sindinazimve. Ndimangomva iwe."

"Gwira ntchito, Makutu iwe! Sindinabwere kudzakusangalatsa."

"Mochedwa, wapamtima. Ndasangalala kale."

Tsiku lina mvula inawatsekera m'situdiyo. Makina osokera ankalira pansi pawo. Makutu anamugwira dzanja, nanena mawu amene Mzamba anakawalemba kumapeto kwa kope lake:

"Kulikonse kumene udzalowe, ndidzalowa nawe. Sindidzakusiya pa khomo."

Mzamba analira. Mnyamatayo anadabwa, poti ankayembekezera kumwetulira.

"Ndanena zolakwika?"

"Ayi. Khala pansi, ndikuuze za khadi lopanda kanthu lija."

Mzamba anali ndi mng'ono wake mmodzi yekha. Kunyumba ankamutcha Kambalame, chifukwa ankaimba posamba, potsuka mbale, ngakhale akukalipiridwa. M'kwaya ya kutchalitchi ankaima kutsogolo, kumanzere kwenikweni. Zaka zitatu zinali zitapita, koma malo amenewo palibe ankaimapo, ndipo Lamlungu lililonse Mzamba ankamva liwu limodzi likusowa pa nyimbo iliyonse.

"Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi," anatero. "Anatenga mimba osauza munthu. Mnyamata wina anapita naye kwa anthu aja ochotsa mobisa. Magazi atakana kusiya, anamubweretsa pa chipatala chathu masana dzuwa likuswa mtengo, namukhazika pa benchi ya pa geti. Mlonda akuti mnyamatayo anati akukatenga buku la kuchipatala. Sanabwerenso."

Makutu sanaphethire.

"Ine ndinali m'kati, Makutu! Makomo atatu okha kuchokera pa benchi imeneyo! Ndinkathandiza mayi wina kuchira, ndikumuimbira nyimbo. Pamene ankandiitana, mng'ono wanga anali atazizira kale manja."

"Sanatchule dzina la mnyamatayo?"

"Sanatchule. Foni yake sitinaipeze. Koma ukudziwa chimene chimandidya? Sanandiuze chifukwa ankandidziwa. Ndinkafika kunyumba n'kumati, 'Lero kunabwera wina wochotsa mimba, atsikana opanda mantha ndi Mulungu.' Iye ali pomwepo, akusita malaya. Ndine ndinatseka khomo, ndi pakamwa pangapa."

Makutu anadzuka, nati akukatunga madzi. Anakhalitsa kunja. Atabwera, maso ake anali ofiira, ndipo kapu inali yopanda madzi.

Mzamba anaganiza mumtima: mwamuna wa mtima wofewa chonchi, ndinamupeza bwanji?

Mayi ake a Mzamba ndiwo anali phiri lovuta kukwera. Anali mtsogoleri wa amayi a mapemphero, ndipo pa maliro anauza mpingo wonse kuti mwana wawo anamwalira ndi malungo. Bodza limenelo linkakhala nawo m'nyumba ngati mlendo wosatsanzika. Chithunzi cha Kambalame chinali pa khoma la pabalaza, atavala mkanjo wa kwaya, pakamwa pali potsegula pang'ono ngati akufuna kuyamba nyimbo.

"Ukufuna kufukula mwana wanga kuti anthu amuseke?" anafunsa mayiwo akupukuta magalasi awo.

"Ndikufuna kuti wa anthu ena asakhale pa benchi ija, amayi."

"Moyo ndi wa Mulungu, mwanawe. Wa m'mimba ndi moyonso."

"Sindikukutsutsani. Nanga wa Kambalame unali wa ndani?"

Mayiwo anadzuka, nalowa kuchipinda, natseka chitseko. Posakhalitsa kunamveka nyimbo yapansipansi, ija ankaimba akafuna kuti munthu asamve kulira kwawo.

Koma mayiwo anamukonda Makutu. Ankabwera Lamlungu masana, n'kuwakonzera wailesi, n'kumaseka nthabwala zawo zakale. Chimodzi chokha: nthawi zonse ankasankha mpando wofulatira khoma la chithunzi.

"Mwana waulemu," ankatero mayiwo. "Safuna kukhala pa mpando wa malemu bambo ako."

Patatha miyezi isanu, Makutu anagwada pakati pa mawaya a m'situdiyo, mphete ili m'kabokosi ka mabatire.

"Duwa langa, ndilibe nyumba yaikulu, koma ndili ndi makutu awiri, ndipo onse ndi ako mpaka imfa. Undilola?"

"Dzuka, upsa ndi magetsi!" anatero Mzamba akuseka, misozi ili mbwembwembwe. "Ndalola!"

Magawo asanu anali atatha. Linatsala loyamba.

Mzamba anali ndi chuma chimodzi chokha chimene mng'ono wake anamusiyira: kachidutswa ka nyimbo kamene Kambalame anamutumizira pa foni mwezi umodzi asanamwalire. Inali nyimbo yopeka yekha. Pansi pake analemba kuti, "Sisi, lawani kaye aka. Yonse mudzamva ikatha, ndi chinsinsi!" Kumene anaijambulira sananene.

Kachidutswako kanali ka masekondi makumi atatu ndi asanu ndi atatu, kodzaza ndi phokoso ngati mvula pa malata. Mzamba anakamvera kambirimbiri, pa basi, pa nthawi yopuma, pochapa. Ankadziwa pamene mawu akwera, pamene anjenjemera, ndi pamene adukira:

"Mbusa wanga, ndikatopa mundinyamule. Mukaitana m'mawa ndidzavomera, mukaitana madzu..."

Pomwepo. Liwu losatha, ngati munthu amene watsekeredwa chitseko akulankhula.

"Gawo loyamba liyambe ndi aka," anauza Makutu. "Anthu amve kaye kuti anali munthu, anali ndi mawu."

Makutu anamvera masekondi asanu okha, nazimitsa.

"Sizingatheke, wokondedwa. Phokoso lachuluka. Tiike nyimbo ina."

"Nyimbo ina ya ndani?"

"Kapena ungofotokoza wekha. Mawu ako akukwanira."

"Iwe si uja umadzitama kuti ukhoza kuchotsa kulira kwa galu pa ukwati? Ndakupempha chiyani china chiyambire? Ndikonzere, chonde."

Mnyamatayo anayang'ana foniyo nthawi yaitali.

"Ndipatse masiku atatu," anatero.

Tsiku lachitatu uthenga unafika Mzamba ali pa nthawi yopuma, atakhala m'kachipinda ka anamwino pafupi ndi kabati ya magolovesi.

"Ndayesetsa, mtima wanga. Mvera uli pansi. Ndimakukonda kuposa mmene ukudziwira."

Anavala mahedifoni a foni.

Ambuye wachifundo! Phokoso lonse linali litachoka. Kambalame anali pomwepo, pafupi ndi khutu lake, ngati wakhala naye pa benchi imodzi. Ankamveka ngakhale pomeza malovu. Mzamba anagwira pachifuwa, akudikira malo aja odukira, monga munthu amadikira sitepe yothyoka imene anaizolowera.

"Mukaitana m'mawa ndidzavomera, mukaitana madzulo, ndili pano."

Nyimbo sinaduke!

Kenako mpweya. Kenako kuseka, kuseka kuja kotulukira m'mphuno kumene nyumba yawo inakusowa zaka zitatu. Ndipo mawu a mtsikana wosangalala:

"Ndapumira pakati, eti? Tibwereze?"

Mzamba anagwada pa simenti. Mnzake wa ntchito anathamangira kudzamugwira, akuyesa kuti wakomoka.

"Wamaliza!" ankangotero. "Mng'ono wanga wamaliza nyimbo!"

Ataweruka anathamangira kunyumba. Anapeza mayi ake akuanula zovala, nawakhazika pa khonde, nawaveka mahedifoni. Mayiwo anatseka maso. Atafika pa kuseka kuja, anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka.

"Bwerezanso," anatero.

Anabwereza katatu. Kenako mayiwo anavula mahedifoni, napukuta maso ndi nsonga ya nsalu, nayang'ana mwana wawo.

"Kanthu kaja ka pa foni yako ndinakamvapo ukuchapa. Kankathera pakati."

"Eya, amayi. Wakakonza ndi makina."

"Ine za makina sindidziwa, mwanawe. Koma malaya akada, ndikachapa amayera. Sindinaonepo malaya oduka mkono akutuluka m'madzi ndi mkono wake. Kusekaku wakutenga kuti?"



Mzamba anakumbukira dzanja louma pa batani tsiku loyamba lija. Kapu yobwera yopanda madzi. Mpando wofulatira chithunzi. Ndipo malamulo awiri aja: safufuta chilichonse, sadula munthu pakati pa liwu.

Dzuwa linali likadali pamwamba, koma iye anamva kuzizira mpaka m'mafupa.

M'mawa mwake anakwera masitepe achitsulo aja. Analira monga mwa masiku onse. Makutu anali pa mpando wake, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti sanagone.

"Wamva, wapamtima? Wakonda?"

"Ndionetseni fayilo imene mwatengako."

"Bwanji ukundipatsa ulemu lero? Ndi makina amakono awa, amatha kulosera..."

"Musandinamize m'chipinda chimene ndinapempheramo. Makina amadziwa kuseka kwa mng'ono wanga? Tsegulani."

Makina osokera anali chete pansi. Makutu anasuntha dzanja, natsegula foda ina yakale. Munali mafayilo khumi ndi awiri, onse a chaka chimene Kambalame anamwalira. Dzina la fodayo linali "Mngelo wanga".

Mzamba analoza mpando wa pa maikolofoni.

"Anakhala pa mpando uwu?"

"Pomwepo."

"Maikolofoni iyi?"

"Yomweyo."

"Nenani zonse. Musadule pakati."

Makutu analankhula maso ali pansi. Kambalame anabwera kudzajambula nyimbo yake mobisa, kuti adzadabwitse a kwawo. Anakondana miyezi isanu ndi iwiri. Mimba itabwera, mtsikanayo anafuna kuuza mkulu wake, koma ankaopa. Iye ndiye anati asauze munthu. Nthawi imeneyo mipingo itatu inali itangoyamba kumupatsa ntchito yojambula makwaya, ndipo ankaopa kuti mbiri ikamveka onse amuthawa. Mnzake wina anamulozera kachipinda kuseri kwa sitolo ya mankhwala.

"Anandifunsa katatu ngati kuli bwino," anatero akulira. "Ndinati kuli bwino. Sindinkadziwa kanthu! Magazi atayamba ndinadikira, ndimati asiya. Titafika pa geti ndinaona mlonda akulemba mayina, ndinachita mantha kuti andimanga. Ndinamuuza kuti ndikubwera pompano. Foni yake inali m'thumba langa."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Fulumira, ndikuzizidwa.'"

Mzamba anatseka maso. Makomo atatu okha!

"Munadziwa liti kuti ndine mkulu wake?"

"Tsiku loyamba. Utangolankhula pa maikolofoni. Mawu anu ndi amodzi, kungoti ako ndi otsika pang'ono. Ndinayesa kuti wadzuka kwa akufa kudzandifunsa."

"Ndiye miyezi yonseyi mumamvera ndani m'mahedifoni anuwo? Ine kapena iye?"

"Poyamba iye. Kenako iwe. Ndikulumbira, kenako iwe! Ndimati ndikakuthandiza pulogalamuyi, ndikakusamala moyo wanga wonse, mwina Mulungu adzandichotsera benchi ija m'maso. Ndimaiona paliponse, ngakhale m'tchalitchi."

"Nanga bwanji munandipatsa nyimbo yonse? Munaiwala kuti ndimaidziwa?"

"Kachidutswa kako ndinalimbana nako masiku awiri, sikanayere. Yoyera inali pano, m'kompyuta. Ndinati ndiikemo imeneyo, ndidule pamalo omwewo, sudzazindikira. Ndinaika mzere pakati pa liwu lija." Anayang'ana manja ake. "Dzanja linakana. Ndinamudula kale kamodzi. Ndinati liwu lithe. Litatha, kunabwera mpweya. Kenako anaseka."

Anagwada, namugwira m'mphepete mwa yunifolomu.

"Ndikhululukire, duwa langa. Usandisiye. Ndichita chilichonse!"

Mzamba anamuyang'ana. Chikondi sichizima ngati nyali ya magetsi, ndipo ichi n'chimene chinkamupweteka koposa: ankamukondabe. Mwina panali kanjira kamodzi kotsala?

Anakoka mpando uja, nasendeza maikolofoni.

"Khadi lomaliza ndi la abambo. Tinafunsa aphunzitsi, tinafunsa dalaivala, onse ankanena za anthu ena. Khalani apa. Nenani zimene mwandiuzazi, kuti mnyamata wina amene lero akuuza mtsikana kuti asauze munthu amve. Kenako tipite limodzi kwa amayi."

Makutu anakhala pa mpando. Anayang'ana maikolofoni imene anaikapo anthu mazanamazana. 

"Ndinena," anatero. "Koma mawu ndiwasinthe pang'ono ndi makina, asandizindikire. Ukudziwa makwaya onse amabwera kuno. Ndipo kwa amayi, tidikire kaye ukwati udutse. Ukuona bwanji?"

Mzamba sanakalipe. Anangomva chinthu china chikukhazikika pansi mumtima mwake, ngati mmene m'wodi mumakhalira chete madokotala akasiya kuthamanga.

"Mukadali pa geti paja," anatero motsitsa. "Mukadanenabe kuti mukubwera pompano."

Anavula mphete, naiika pafupi ndi kapu ya tiyi.

"Munandilonjeza kuti simudzandisiya pa khomo. Ndinkayesa kuti ndi mawu atsopano."

"Wapamtima..."

"Ambuye amene ndimamutumikira amakhululukira ngakhale wothawa. Pitani kwa Iye, sadzakubwezani. Inenso ndidzapempha mphamvu yokukhululukirani, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lina adzandipatsa. Koma kudzuka m'mawa uliwonse pafupi ndi inu, ayi. Ndiikireni mafayilo a mng'ono wanga pa fulashi iyi. Onse khumi ndi awiri. Si anu."

Anamatula makadi asanu ndi limodzi aja pa khoma, natsika masitepe. Foni inalira asanafike pa msewu. Unali uthenga wa Makutu.

"Popanda iwe ndine chipinda chopanda mawu. Bwerera."

Sanayankhe. Analira m'basi njira yonse, ndipo mayi wina wosamudziwa anamupatsa kampango.

Kunyumba anafotokozera mayi ake zonse, atakhala pa tebulo lodyera, pansi pa chithunzi chija. Mayiwo anamvetsera osadula. Atatha, mayiwo anasisita chikuto cha buku lawo la nyimbo.

"Ndinamupatsa chakudya m'nyumba muno," anatero.

"Pepani, amayi."

"Iye anabisa kuti anthu asamunyoze. Ine ndinabisa chifukwa chiyani? Si chomwecho?" Anavula magalasi. "Mwana wanga anafunsa katatu ngati kuli bwino, ndipo anafunsa munthu wosadziwa kanthu, mayi ake tili pano, mkulu wake mzamba. Tinamuphunzitsa nyimbo zonse, koma sitinamuphunzitse kuti akhoza kubwera kwa ife ali ndi manyazi."

"Pulogalamu ija ndingoisiya, amayi. Ndilibenso situdiyo."

"Foni yakoyo sijambula?"

"Imajambula, koma phokoso..."

"Phokoso la chiyani? La nyumba ya anthu amoyo? Yatsa."

Mzamba anawayang'ana modabwa. "Mwasintha maganizo?"

"Zina sindinagwirizane nawe, ndipo tidzakanganabe, usadzinamize. Koma zakuti mwana wa munthu asafere pa benchi chifukwa choopa ife, pamenepo ndili nawe. Yatsa ndisanachite mantha."

Mzamba anaimika foni pa botolo la shuga. Kunja njinga yamoto inkadutsa, mpopi wa kukhitchini unkadontha, ana a oyandikana nawo ankakanganirana mpira. Mzamba anatenga khadi lopanda kanthu lija, nalemba liwu limodzi: Kambalame.

Anayamba ndi nyimbo. Mawu oyera aja anadzaza pabalaza, nakwera mpaka pa chithunzi. Mukaitana madzulo, ndili pano. Mpweya. Kuseka.

"Ndapumira pakati, eti? Tibwereze?"

Mayiwo anasendera pafupi ndi foni, nagwira dzanja la mwana wawo wotsala.

"Ayi, mwanangu, waimba bwino," anatero. Anawongola msana monga amachitira potsogolera pemphero. "Inu amene mukumvera, amene waimbayu ndi mwana wanga wotsiriza. Ndinauza mpingo kuti anamwalira ndi malungo. Sanali malungo."